Mwana satumidwa kukagula mowa

Kuno ku Domwe, tikagulitsa mbatata, ndalama zimalowa m'mudzi. Kacasu nayenso amaculuka.

Mowa umaononga ubongo wa mwana, pakuti ubongowo ukali kukula. M'caka ca 1999 dziko lathu la Moçambique linaika lamulo: mwana wosakwana zaka 18 asagulitsidwe mowa.

Koma apolisi sangaime pa baraka iliyonse. Osunga lamuloli ndife tomwe.

Makolo, musatume mwana kukagula mowa. Mwana wonyamula botolo amalawa panjira.

Ogulitsa, m'bwezeni mwanayo, ngakhale abwere ndi ndalama.

Anyakwawa, itanani pa bwalo aliyense wogulitsa mowa kwa ana.

Ana inu, akakutumani ku mowa, yankhani mwaulemu: "Pepani, ndine mwana." Akakukakamizani, auzeni aphunzitsi.