ZIPANGIZO ZA PAKHOMO: Kukongola kwa Lumo Kuli pa Nchito Yake

Sabata ino m'danga lathu tikambirana za kacipangizo kamene kamapezeka pafupifupi m'nyumba iri yonse kuyambira ku Sinda, kudzera ku Katete mpaka ku Vubwi, koma ndi owerengeka amene amakhala pansi ndi kukalingalira. Tikunena za lumo. Pa mwambo wa Acewa, lumo limayenda ndi munthu moyo wake wonse. Limameta tsitsi loyamba la khanda, limameta namwali, limameta anamfedwa pa tsiku lometa maliro, ndipo ngakhale mnyamata wolowa Gule Wamkulu timati wameta. Tsono cinthu cotere ciyenera kuti tidziwe mapangidwe ace, ndi cimene cimasiyanitsa lumo labwino ndi longonyezimira.

Tiyambe ndi la makolo athu. Amaravi anali ochuka pa nchito ya citsulo, kotero kuti Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, podutsa m'dziko lawo mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za kasungunulidwe ndi kasulidwe kawo. Citsulo cinali kucokera m'ng'anjo, ndipo pa cipala wosula anali nazo nyundo, mbaniro ndi mvukuto basi. Lumo limene iye anali kusula linali laling'ono, lotambalala ku mutu ngati tsamba, ndi kamcira kocepa kogwirira ndi zala. Panalibe cigwiriro ca mtengo, panalibe msomali kapena maluwa ojambula. Cifukwa cace n'cakuti wosulayo anali kudziwa kuti citsulo cimabwera ndi thukuta, ndiye sanali kuika paliponse pamene dzanja kapena tsitsi silidzafuna.

Kutsidya kwa nyanja nako kunali osula awo. Mzinda wa Sheffield ku England unachuka ndi malumo opinda, aja amene mpeni wace umabisala m'cigwiriro monga ucitira mpeni wa m'thumba. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1740, Benjamin Huntsman anapeza njira yosungunulira citsulo m'miphika ya dothi kuti cikhale cosalala ndi colimba mofanana ponseponse, ndipo malumo anayamba kukhalitsa osabuntha. Pambuyo pace mizinda ya Solingen ku Germany ndi Thiers ku France inalowanso m'mpikisanowo. Dzina la Solingen lisakhale lacilendo kwa inu acikulire amene munapita ku migodi ya kumwera, pakuti mpeni wa Okapi umene ambiri munabwera nawo unayambira kupangidwa komweko.

Mukaligwira lumo lopinda ndi kuliyang'anitsitsa, mudzaona kuti mbali iri yonse iri ndi cifukwa cace. Msana wace ndi wocindikala, koma m'nthiti mwace ndi mokumbika ndi gudumu lonolera, kufikira kukamwa kwace kutapyapyala ngati tsamba la udzu. Kukumbikako kumalipeputsa, ndiponso kumathandiza ponola. Wonola amangoligoneka pa mwala kuti msana ndi kukamwa zikhudze pamodzi, ndipo kupendekeka koyenera kumadzipeza kokha, popanda kuyeza. Kumbuyo kuli kamcira kokhota pokhala cala, kuti lumo lisatererereke m'dzanja lonyowa ndi sopo. Nsonga yobulungika anaipanga kuti wometa asaboole khutu la mnzace. Cigwiriro cace cilibe sipuling'i ngati ca Okapi. Nchito yace ndi kuteteza kukamwa kwa lumo likapindidwa, ndi kulinganiza kulemera kwace likatsegulidwa. M'lifupi amaliyeza ndi magawo asanu ndi atatu a inchi, ndipo ofala kwambiri ndi a 5/8 ndi 6/8.

Koma pa cigwiriro pomwepo ndi pamene panalowera kudzionetsera. Olemera a ku Ulaya anafuna zigwiriro za cigoba ca kamba wa m'nyanja ndi za minyanga ya njobvu, zozokotedwa maluwa, ndi mipeni yolembedwa ndi golide. Minyanga yambiri inali kucokera kuno ku Africa, ndipo ife a kum'mawa tikudziwa kuti amalonda anali kuisenzetsa anthu kucokera ku cigwa ca Luangwa kunka ku Tete. Lumo la mnyanga silinali kumeta bwino kuposa la nyanga ya ng'ombe. Njobvu inangofera diso la wogula. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa ndi pangano la CITES mu 1989.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu ena opanga zinthu anayamba kunyansidwa ndi zokometsera zopanda pace. Mmisiri wa nyumba wa ku America, Louis Sullivan, anaphunzitsa mu 1896 kuti maonekedwe a cinthu ayenera kutsata nchito yace, ndipo sukulu ya Bauhaus, imene inatsegulidwa ku Weimar mu 1919, inafalitsa ganizo lakuti cinthu ca m'fakitale cikhale cosalala, cosabvuta kupanga ndi cosabisa cimene capangidwa naco. Opanga malumo opinda a masiku ano ambiri amatsata njira imeneyi. Ena amagwiritsa citsulo cosacita dzimbiri, cimene Harry Brearley anatulukira ku Sheffield mu 1913, ndipo zigwiriro zawo n'zacitsulo cabe kapena za pulasitiki yolimba yakuda, zopanda duwa ngakhale limodzi. Ena afika pocotsa cigwiriro conse, kutengera lumo la ku Japan lochedwa kamisori, limene ndi citsulo cimodzi kuyambira ku mutu mpaka ku mcira. Taonani, abale: ulendo wonsewo wa masukulu ndi mafakitale wakathera pa cinthu cofanana ndi cimene ambuye athu anali kusula pansi pa mtengo.

Komabe cimene cinagonjetsa lumo la pa cipala ndi lumo la ku Sheffield lomwe ndi kacitsulo kopyapyala kamene timati lezala. King Camp Gillette wa ku America anayambitsa kampani yace mu 1901 ndi nzeru yakuti munthu asamanole, koma azitaya ndi kugula cina. Mu 1903 anagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 okha, koma pa nkhondo yaikulu yoyamba asilikari a America anapatsidwa zometera zace, ndipo anabwerera kwawo atazolowera. Mu 1962 Wilkinson Sword inatulutsa malezala osacita dzimbiri, ndipo mu 1975 Bic inabweretsa cometera ca pulasitiki cotayira pamodzi ndi cigwiriro. Kuno kwathu maina a Minora ndi Nacet analowa m'masitolo a m'mbali mwa msewu wa Great East, ndipo wosula wa pamudzi anatsala ndi nkhwangwa, makasu ndi mipeni, zimene lero ambiri amasula kucokera ku masipuling'i a galimoto zakutha.

Lezala nalo liri ndi kukongola kwace, ngati tiliweruza ndi muyeso womwewo. Mng'alu wa pakati pace unapangidwa kuti likhazikike m'cometera, ndipo kupyapyala kwace n'kumene kumalicititsa kukhala lochipa. Colakwika n'cakuti ife tinalandira lezala ndi kusiya cometera cace. Timaligwira ndi zala, timalithyola pakati, timalipukuta pa buluku ndi kumetera wina. Apa nkhani yathu yasiya kukhala ya maonekedwe, yasanduka ya moyo.

Makolo anali ndi lumo limodzi pa banja, mwina pa mudzi, cifukwa citsulo cinali cosowa. Ife tikudziwa zimene iwo sanadziwe. Kadontho ka magazi kotsalira pa lumo kangathe kunyamula kacirombo ka HIV, kamene kanayamba kudziwika m'Zambia m'zaka za m'ma 1980, ndiponso ka matenda a ciwindi a hepatitis B, kamene kamakhala kamoyo masiku angapo ngakhale magaziwo atauma. Lumo lakuda lodulira mcombo wa khanda limalowetsa kafumbata, matenda oumitsa nsagwada amene apha makanda ambiri m'maiko athu ano. Ndiye cifukwa cace anamwino a ku St Francis ku Katete ndi a m'zipatala zing'onozing'ono amalimbikitsa kubadwitsira ku cipatala. Pa tsiku lometa maliro, pamene mitu khumi kapena makumi awiri imetedwa motsatana, ngozi imeneyi imakula, ndipo cimodzimodzi potema mphini.

Opanga zinthu analiona bvuto limeneli ndipo analiyankha ndi mapangidwe. Pali tsopano lumo looneka ngati lopinda lija, la cigwiriro ndi kamcira komwe, koma m'malo mwa mpeni liri ndi kacitsulo kopanira theka la lezala. Wometa akatha mutu umodzi amatsegula, nataya thekalo, naika lina pamaso pa amene akudza. Dzanja limagwira bwino monga pa lumo lakale, ndipo magazi a munthu safika kwa mnzace. Mwa malumo onse amene tachula, ili ndi limene tikuliona loyenera anyamata ometa pa misika ya Katete ndi Sinda.

Tsono mukapita kogula, kumbukirani mwambi uja wakuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Musakopeke ndi utoto wa golide kapena zilembo zacilendo. Tsegulani lumo, muone ngati msomali wace suli wogwejemuka, ngati mpeni ukulowa pakati pa cigwiriro osagunda m'mbali, ndi ngati likhazikika m'zala. Ngati ndi lopanira lezala, onani kuti lezala silisuntha mukalipana. Wogulitsa amene akukuletsani kuliyesa cotere afuna kukumetani mpala wopanda madzi.

Kwa inu anyakwawa ndi anamkungwi a kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Kathumba ndi kwa Pembamoyo, pempho lathu ndi ili: pokonza za maliro, pamene muwerenga ufa ndi nkhuni, muwerengenso malezala, kuti mutu uli wonse ukhale ndi lace. Mwambo umafuna kuti tsitsi licoke; sunanene kuti licoke ndi citsulo cimodzi. Malezala otha nchito muwaponye m'cimbudzi cokumba, osati pa dzala pamene ana amatola.

Nanga lumo la ambuye lija? Ngati lilipobe m'kathumba ka agogo, musalitaye ndiponso musametere nalo gulu. Lipukuteni, mulipake mafuta, mulisunge. Pamene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika mu Ogasiti kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, maso onse amakhala pa gule ndi pa cinamwali. Kukanakhala bwino osula athu akanapatsidwanso kamalo kumeneko, kuti ana a sukulu aone ndi kugwira cimene manja a kuno anali kupanga fakitale isanabwere. Sabata ya mawa tidzakambirana za sompho ndi kasemedwe ka mitondo.