Musatole Mwala: Kalata ya Abusa pa za Mtendere m'Midzi Yathu

Kwa akhristu onse a m'mipingo yathu, kwa mafumu, ndi kwa anthu onse akufuna kwabwino.

Ife abusa anu a m'mipingo yosiyanasiyana takhala pansi n'kugwirizana kuti tikulembereni pa nkhani imene tonse timaidziwa, koma timangoinong'ona pobwera kumanda.

Amalawi timakonda kunena kuti dziko lathu ndi la mtendere, ndipo sitinama. Nkhondo yapachiweniweni sitinaionepo. Pamene abale athu a ku Mozambique ankathawa mfuti za Frelimo ndi Renamo, anthu opitirira miliyoni imodzi anapeza pogona ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena, mpaka nkhondoyo inatha ndi mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992. Tinamwera nawo zitsime zimodzi. Koma m'dziko lomweli lero muli agogo amene sagona m'nyumba mwawo tsiku limene m'mudzi mwagwa zovuta. Akangomva kulira, amatola kansalu n'kukabisala kumunda kapena kupolisi, kuthawa ana a ana awo amene angawanene kuti ndi mfiti. Ukawauza agogo otere kuti kuno ndi kwa mtendere, ayankha chiyani?

Tikudziwa kuti mitima yatopa. Kolera anatenga anthu opitirira 1,700 pakati pa 2022 ndi 2023. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo pali mabanja amene mpaka lero sanaike m'manda abale awo chifukwa matupi sanapezeke. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa feteleza, sopo ndi mafuta ophikira n'kuthawa. Mu 2024 ng'amba inapsereza chimanga, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Munthu amene wagona ndi njala, mwana n'kumwalira m'manja mwake, amafuna yankho. Nyengo sangaigwire pakhosi. Amene amakonza mitengo ya zinthu ali kutali, sawadziwa ndi nkhope yomwe. Amene ali pafupi, wopanda mphamvu, wopanda womuyankhulira, ndi mayi wamasiye wokalamba wa kuseri kwa nkhokwe.

Mu Januwale 2016 ku Neno mphezi inapha mtsikana. Anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anzawo a m'mudzi powaganizira kuti ndiwo anatuma mpheziyo. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre, ndipo anthu anaphedwa pa misewu popanda ndi mmodzi yemwe woonetsa dontho la magazi opopedwawo. Kumapeto kwa 2022 ambiri a inu munaona pa mafoni kanema wa ku Mzimba, amayi okalamba akumenyedwa pamanda ndi kukakamizidwa kukwirira maliro. Izi ndi zimene zinamveka. Zambiri zimathera m'mudzi: nyumba yotenthedwa, mbuzi zogawanidwa, agogo othamangitsidwa pamalo pamene anakwiriridwa mchombo wawo.

Chimene chikutiwawa kwambiri n'chakuti, malinga ndi kalembera wa 2018, mwa Amalawi anayi alionse oposa atatu amati ndi akhristu. Ndiye kuti m'gulu limene limatola miyala muja muli anthu obatizidwa. Muli a kwaya. Muli amene Lamulungu lapitalo anapatsana moni wa mtendere ndi agogo omwewo, mwina kumwera nawo chikho chimodzi pa Mgonero. Sitingathe kunena kuti izi amachita ndi akunja.

Sitikulemba kalatayi kuti titsutsane nanu ngati ufiti ulipo kapena kulibe. Mtsutso umenewo sutha, ndipo pamene anthu akukangana za izo wina akufa. Tikudziwa kuti mantha ake ndi enieni. Ambiri tinakulira m'nyumba zimene dzina la munthu wina silinkatchulidwa usiku. Chimene tikufunsa n'chakuti: mkhristu akagwidwa ndi mantha amenewa, amathawira kuti? Pobatizidwa tinalonjeza kukana Satana ndi ntchito zake zonse, ndipo tinavomereza kuti Khristu anagonjetsa imfa. Ngati tikhulupiriradi zimenezi, palibe nsupa, ndege ya usiku kapena hamala imene ili ndi mphamvu kuposa Iye. Munthu wotola mwala kuti adziteteze kwa mfiti akulengeza pamaso pa mudzi wonse kuti Yesu wamuchepera. Ndipo pofuna kuthamangitsa choipa chimene akuchiganizira, iye wachita choipa choonekeratu, chimene pa Malamulo Khumi lamulo lachisanu ndi chimodzi kwa ena, lachisanu kwa ena, limaletsa mosapita m'mbali.

Funso lakuti "wachita ndani?" si lachilendo. Pa Yohane mutu 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona, anafuna kudziwa amene anachimwa, iyeyo kapena makolo ake. Ambuye anakana kuloza munthu, m'malo mwake anamuchiritsa. Pa Luka mutu 13 anakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti anthuwo anali oipa kuposa anzawo. Mavuto amagwa. Mphezi imagwa. Munthu wodwala BP amene sanapimitsepo amatha kugwa pamunda dzuwa likuswa mtengo, mkono ndi mwendo n'kuuma. Achipatala amati sitiroko, ife timati wamenyedwa hamala. Malungo akafika ku ubongo mwana amabwebweta n'kumatchula mayina. Ukalamba nawo uli ndi matenda ake: pali agogo amene mutu umasokonekera, amaiwala njira ya kwawo, amapezeka pakhomo pa eni mbandakucha, mwina osavala bwino, akuyankhula zosamveka. Ukawafunsa ngati amatamba, amavomera, monga angavomerenso ukawafunsa ngati ndi mfumu. Munthu wotere amafunika kumufunditsa chitenje n'kumuperekeza kwawo. Ife timamuitanira mudzi.

Tinenenso poyera chimene mafumu ambiri amachidziwa. Nthawi zambiri kuseri kwa mawu oti "agogo aja ndi mfiti" kumakhala munda. Kumakhala dimba la m'mbali mwa mtsinje, nyumba ya malata imene mwana wa ku Joni anawamangira, kapena ndalama ya Mtukula Pakhomo imene ena akuiwerengera. Taonani amene amalima mundawo chaka chotsatira agogo atathamangitsidwa. Nabote anaphedwa chifukwa cha munda wake wa mpesa, ndipo mlandu umene anamunamizira unali wa chipembedzo.

Tsopano mawu kwa anzathu onyamula Baibulo. Kwabuka mapemphero amene ntchito yake ndi kutchula mayina. Munthu wapita ndi vuto la ntchito, la banja kapena la kusabereka, ndipo amauzidwa kuti azakhali ake kumudzi anamumanga, kapena kuti mayi ake omubereka ndiwo akudya mwayi wake. Amabwerako ndi botolo la madzi kapena mafuta, ndalama atasiya komweko, ndi chidani chimene anapita alibe. Ana aang'ono amaimikidwa kutsogolo kuti aulule amene amawaphunzitsa ufiti, anthu n'kumajambula pa foni. Uku ndi kuombeza, kungoti woombezayo wavala jekete. Mneneri woona amayamba wadzudzula tchimo la amene waima pamaso pake, monga Natani anachitira ndi Davide. Sakhalira kupezera anthu adani. Tikulamula kuti m'mipingo yathu pasapezeke mbusa, mkulu wa mpingo, katekisiti kapena mtsogoleri wa mapemphero wotchula munthu kuti ndi mfiti, kaya pa guwa, kaya pa maliro, kaya mseri. Wochita zimenezi aimitsidwe pa udindo, ndipo akayankhe ku bwalo la mpingo. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lokhudza za ufiti, la mu 1911, likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Nanga mtendere umene tikulalikawu ndi wotani? Tsiku limene Ambuye anauka, ophunzira anali atadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha. Iye analowa, nawapatsa mtendere, nawaonetsa mabala a m'manja ndi m'nthiti. Kunja sikunasinthe kanthu: Pilato anali pampando, amene anamupachika anali moyo. Sanawapatse mayina a anthu oti akabwezere, ngakhale mayinawo ankadziwika. Anawatuma kukakhululukira machimo. Mtendere wa Khristu sulonjeza kuti mwana sadzamwalira kapena kuti mvula idzagwa pa nthawi yake. Umamupatsa munthu mphamvu yolira maliro ake mpaka misozi kuuma, osafuna mutu wa wina kuti mtima ukhale pansi. Inu amene mwataya okondedwa anu mwadzidzidzi, lirani. Funsani Mulungu mafunso owawa, monga Yobu anachitira. Iye satopa nawo. Koma musalole kuti obwera kudzakhuza maliro asandutse chisoni chanu chikwanje. Magazi a agogo sanadzutsepo mwana m'manda.

Mtenderewu suli chimodzimodzi ndi kukhala chete. Akuluakulu mukukumbuka zaka zimene tinkati tili pa mtendere pamene anthu ankasowa usiku ndipo palibe ankafunsa. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anawerengetsa kalata m'matchalitchi monse yonena zimene aliyense ankaopa kunena. Anaopsezedwa, makina osindikizira a ku Balaka anatenthedwa, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Mipingo ina inaimirira nawo, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa referendamu. Chete amene tiyenera kumuswa lero sali ku nyumba ya boma kokha. Ali pa siwa, pamene mnyamata mmodzi wakuwa dzina la agogo ndipo anthu mazana awiri ayang'ana pansi. Pa Yohane mutu 8 gulu linabwera ndi miyala, Ambuye anayankhula mawu ochepa, ndipo anayamba kuchoka ndi akuluakulu. Gulu limaoneka loopsa, koma ambiri mmenemo amangodikira kuti wina ayambe kukana. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, Amayi a Chikatolika, inu ndinu amene mumagona pa siwa, ndipo manong'onong'o amayamba kumveka kwa inu kusanache. Mukawamva, kakhaleni pamphasa imodzi ndi amene akunenedwayo, mutavala yunifolomu yanu, ndipo tumani mwana akaitane abusa ndi amfumu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tonse tikupita ku imvi.

Kwa inu mafumu, a nyakwawa ndi a gulupu, tikukupemphani mwaulemu: musalole kuitanira sing'anga m'mudzi kuti adzasese, ndipo musasonkhetse anthu ndalama za ntchito imeneyo. Milandu ya minda iweruzeni msanga, masana, pabwalo, isanasanduke nkhani za usiku. Kwa apolisi, tikudziwa kuti nthawi zina galimoto imakhala ilibe mafuta ndipo inunso mumagendedwa, koma kufika munthu atafa kale kwachuluka. Kwa makhoti, mlandu ukakhala zaka osaweruzidwa mudzi umaphunzira kuti kupha nkhalamba kulibe chilango. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi moyo, ndipo silitchula zaka. Achipatala, muziwafotokozera anamfedwa m'Chichewa chomveka chimene chapha m'bale wawo. Banja likabwerera kumudzi ndi mtembo popanda yankho, yankho limakapezeka kwina. Andale nawonso asadzione ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Mnyamata amene mwamupatsa chikwanje ndi kachasu kuti akabalalitse msonkhano wa anzanu sabweza chikwanjecho chisankho chikatha, amapita nacho kumudzi.

Kumene zoipazi zinachitika kale, tisanamizane kuti nthawi yokha idzapoletsa. Alipo amene anaponya mwala ndipo palibe anawagwira, koma tulo sakuona. Khomo la kulapa ndi lotsegula, ndipo abusa anu adzakumverani. Koma kulapa kwake kukhale kwa Zakeyu, amene anabweza zimene analanda. Munda ubwerere kwa mwini wake. Nyumba imene inatenthedwa imangidwenso ndi manja omwe anaitentha, mpingo uthandize udzu ndi mitengo. Amene ali ndi mlandu wa magazi akadzipereke yekha kupolisi, ndipo ife tidzamuperekeza ndi kumuyendera kundende. Tisakakamize ozunzidwa kugwirana chanza ndi owazunza zinthu izi zisanachitike.

Inu agogo athu, amayi ndi abambo athu amene mwatchulidwa mayina oipa pa ukalamba wanu: pepani. Ambiri a inu ndinu amene munalera ana amasiye pamene Edzi inkatha makolo awo, mukuphika ndi nkhuni zotola nokha. Malo anu m'tchalitchi alipo, ndipo mukalephera kuyenda, tchalitchi chibwera kwanu.

Tikupempha kuti kalatayi iwerengedwe pa mapemphero a Lamulungu, kenaka ikambidwe m'milaga, m'miphakati ndi m'magulu a achinyamata. Mlaga uliwonse ndi mphakati uliwonse ulembe mayina a okalamba amene amakhala okha m'dera lake, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, Asilamu ndi osapemphera omwe, ndipo pasapite sabata popanda wina wokawaona, kuwatungira madzi ndi kuwaperekeza kukapimitsa BP. Akulu a mpingo asunge nambala ya foni ya polisi yapafupi ndi ya amfumu. Pa maliro alionse a imfa yadzidzidzi, mbusa kapena mkulu wa mpingo afike usiku woyamba womwewo, asadikire tsiku loika.

Mulungu wa mtendere akhale nanu nonse.

Ife abusa anu mwa Khristu.