Mwana akafunsa liwu la nkhondo, muyankheni

Ana inu, tamverani liwu ili: barrage. Ndi liwu la Cingerezi. Limatanthauza kulira kwa mizinga yambiri nthawi imodzi, kosalekeza, zipolopolo zikugwa ngati matalala.

Makolo ena amati mawu a nkhondo asalowe m'sukulu. Ndikuwamvetsa. Nkhondo ya zaka 16 inatha mu 1992, koma agogo ambiri kuno ku Tete akukumbukirabe kuthawira ku Malawi usiku, mwana kumsana. Komabe ine ndikuti mwana akamva liwu lotere pa wailesi n'kufunsa, muyankheni m'Cinyanja. Mukamukalipira, akafunsa kwa anzake, ndipo anzakewo adzamuuza ngati kuti nkhondo ndi masewera.

Liwu limeneli silinabadwire ku nkhondo ayi. Linacokera ku France. M'Cifalansa, barre ndi mtengo kapena citsulo cotsekera, monga mpiringidzo wa pa citseko, kapena mitengo ija timatsekera pa khomo la khola. Tsono barrage ndi cinthu cotseka njira. Khoma lotseka mtsinje nalonso ndi barrage.

Nanga mizinga inalowamo bwanji? Pa nkhondo yaikulu ya ku Ulaya, kuyambira 1914 mpaka 1918, asilikali ankakhala m'maenje aataliatali. Adani akamabwera, iwo ankaombera mizinga yonse pa mzere umodzi kuti munthu asadutse. Afalansa anati limeneli ndi khoma, koma la moto. Angerezi, amene ankamenya nkhondo mbali imodzi ndi Afalansa, anatenga tanthauzo limenelo n'kupita nalo kwawo.

Tsopano funsani atate kapena amayi: kodi khoma la Cahora Bassa, pafupi ndi Songo, m'Cipwitikizi ndi ciyani? Adzati barragem. Mwamva? Barrage, barragem. Mawu awiriwa ndi pacibale! Khoma limeneli linatseka Zambezi mu 1974. Madzi anadzaza nyanja yaikulu. Lero m'nyanjamo muli nsomba, ndipo madzi ake amapanga magetsi.

Mwana amene wadziwa zimenezi, akamva barrage saona moto wokha. Amaonanso madzi a Zambezi ndi khola la mbuzi la kwawo. Waphunziranso liwu limodzi la Cipwitikizi, limene adzakumana nalo m'makalasi akutsogolo.

Makolo, madzulo ano potseka citseko, muitaneni mwana agwire mpiringidzo. Mumuuze kuti ku France dzina lake ndi barre.