ZA M'MIDZI MWATHU: Cibudu Cimasiya Njere m'Nthaka

Cilimwe cikafika pacimake, madambo ataphwa ndipo ziweto zikuzula udzu ndi mizu yomwe, ndi pamene mbiri ya matenda a anthrax imamveka m'zigwa za dziko lino. Sabata ino tilankhula makamaka ndi inu a kwa mfumu Shikabeta m'boma la Rufunsa, amene mukhala moyandikana ndi nyama za m'thengo.

Matendawa si acilendo. M'caka ca 2011 anthu oposa 500 anadwala m'boma la Chama atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zimene zinafa mu mtsinje wa Luangwa, ndipo asanu anamwalira. Mu 2023 mliri unabuka ku Sinazongwe, ndipo pofika pa 20 November anthu 684 anali kuganiziridwa kuti adwala. Koma kodi n'cifukwa ninji matendawa amabwerera pamalo amodzimodzi patapita zaka zambiri?

Yankho lili m'khalidwe la kacilombo kake, Bacillus anthracis. Kakaona kuti cakudya catha, kamadziumitsa ndi kusanduka kanjere kosaoneka ndi maso, monga anaonetsera Robert Koch wa ku Germany mu 1876. Kanjereko kamavala cikhokho ca mapuloteni oyalana m'mizere. Akatswiri anafufuza kwambiri cikhokho ca mbale wake wosavulaza wa m'nthaka, Bacillus subtilis, napeza mitundu ya mapuloteni yoposa 70.

Amene anasokapo mphasa adzamva msanga. Bango long'alula mukangoliyala pansi, ngakhale mwana angalimwaze ndi phazi. Cimene cimalisandutsa mphasa ndi cingwe cimene msoki amapyoza naco bango lililonse. M'kanjere kaja msoki alipo: ndi enzyme yochedwa transglutaminase, imene nchito yake ndi kulumikiza puloteni ina ku inzake ndi mfundo yosamasuka. Mfundo zinanso zimamangidwa pamene mapuloteni ali ndi sulufule. Kusokako kukatha, mankhwala ambiri salowa, ndipo tamoyo ta m'nthaka timene timameza tizilombo tinzawo timalephera kugaya cikhokhoco. M'kati mwake namo muli madzi ocepa, motero kutentha kwa October sikukaopsa. Ca anthrax ciposa apo, pakuti cili ndi kathumba kena kunja.

Kulimba kumeneku kunaoneka pa cilumba ca Gruinard ku Scotland, pamene asilikali a Britain anayesera njerezi mu 1942. Zinali zamoyobe patapita zaka 40. Mu 1986 anacita kuthira nthaka yoipitsidwa ndi njerezo mankhwala a formaldehyde osakaniza ndi madzi a m'nyanja, ndipo anthu analoledwa kupondapo mu 1990. Ngati boma lolemera linavutika cotero, nanga mudzi udzatani ndi dambo lake?

Komabe kacilomboka kali ndi pofooka pake. Kuti kasoke cikhokho kafuna mpweya. M'thupi la nyama yakufa imene sinatumbulidwe, tambiri timafa m'masiku owerengeka pamene mtembo ukuwola. Tsono amene amakapatsa mpweya ndi munthu wa mpeni. Posenda, potumbula ndi pogawa nthuli, magazi amagwera pansi, ndipo pamenepo njere zabzalidwa zodikira ziweto za adzukulu anu. Kuyanika nyamayo, kuifutsa pa utsi kapena kuithira mcere sikupha njere.

Tidziwa kuti ndiwo ndi zosowa, ndipo kuona mbuzi yonenepa ikutenthedwa kumawawa mtima. Koma ciweto cimene cagwa mwadzidzidzi, cotupa msanga, cotuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, si ndiwo ai. Musacitumbule. Ciphimbeni ndi minga kuti agalu ndi miimba zisacing'ambe, ndipo nyakwawa atumize mau kwa ofesala wa za ziweto. Mtembo utenthedwe mpaka phulusa, kapena ukwiriridwe m'dzenje lakuya mamita awiri, kutali ndi madzi.

Katemera wa ziweto alipo. Anamupeza Max Sterne ku Onderstepoort, South Africa, m'zaka za m'ma 1930, ndipo ciweto cifunika kubayidwa caka ndi caka. Munthu amene wagwira cibudu naona cilonda cakuda pakati, cotupa m'mbali koma cosapweteka kwenikweni, apite ku cipatala tsiku lomwelo, akanenenso nyama imene anagwira ndi anthu amene anagawana nawo.