Kuonda kwina si njala, ndi nkhawa

Ku chigwa cha Shire mwana akayamba kuonda, makolo sasowa pothawira maganizo. Ena amati ndi njala, ena malungo, ena amanong'onezana za kaliwondewonde, pomwe agogo amayamba kufunsa za sing'anga. Sizodabwitsa. Anthu a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje akuidziwa njala: madzi osefukira a mu 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 adakokolola minda, ndipo mabanja ambiri adakhalira nyika za m'madambo.

Kudera kotere, kuuza munthu kuti "mwanenepatu" ndi kumuyamikira. Mtsikana wokana dala nsima ya mapira, ndiwo yake mlamba, angaoneke wamwano chabe. Koma madotolo adadziwa kalekale kuti alipo matenda amene munthu amadzimana chakudya chilipo. Dotolo wa ku Britain, William Gull, adawatcha anorexia nervosa mu 1873, ndipo ali m'gulu la matenda a m'maganizo amene amapha kwambiri. Ena ndi bulimia, pomwe munthu amadya mopitirira muyeso kenaka n'kudzisanzitsa mobisa.

Nthawi zambiri muzu wake ndi nkhawa, ndipo imayamba vuto la kadyedwe lisadaoneke. Wachinyamata amene waona nyumba ikugwa, wagona kumsasa miyezi, kapena akuopa mayeso a fomu 4, amafuna chinthu chimodzi chomwe angachilamulire yekha. Ena amachipeza m'mbale ndi m'thupi lawo.

Apa ndi pomwe masewero olimbitsa thupi akulowera. Uthenga woti anthu azilimbitsa thupi ngwabwino: kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno ali ndi vuto lothamanga magazi. Kuthamanga kumachepetsanso nkhawa. Koma akatswiri a zamaganizo amati chofunika kuyang'ana ndi chimene chikumuthamangitsa munthu. Amene akusewera ntchemberembaye kaamba kosangalala ndi anzake amapuma akatopa, n'kudya bwino madzulo. Amene akuthamanga kaamba koopa kunenepa, kapena kuti alipire nsima imene wadya, sapuma. Akalephera tsiku limodzi mtima sukhala m'malo, amadziimba mlandu, ndipo mawa lake amaonjezera mtunda n'kuchepetsa chakudya. Nkhawa imatsika kwa kanthawi, kenaka imabwerera ndi mphamvu.

M'chigwachi zoterezi n'zoopsa kuposa kumtunda. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Thupi lopanda chakudya, lotaya madzi ndi mchere kudzera m'thukuta ndi kusanza, likhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima. Mtsikana amasiya kusamba, mafupa amafooka. Komanso achinyamata ambiri kuno amakhala atagwira kale ntchito yolemetsa, kutunga madzi, kupalasa kabaza kapena kulima kudimba, asadayambe n'komwe masewerowo.

Wina anganene kuti awa ndi matenda a azungu. Anthu a ku Fiji nawo ankanyadira thupi lonenepa. Wailesi ya kanema itafika m'dera la Nadroga mu 1995, wofufuza Anne Becker adapeza kuti pofika 1998 atsikana a sukulu 11 mwa 100 alionse ankadzisanzitsa pofuna kuonda, chinthu chomwe sichidapezeke pachiyambi. Lero kanemayo ali m'thumba. Foni ya mwana wa pa Dyeratu imaonetsa matupi omwewo amene amaonedwa ku Johannesburg, pamodzi ndi malonda a tiyi woondetsa. Ku Ghana, kafukufuku wa mu 2004 adapeza atsikana ena a kusekondale akudzimana chakudya popanda kutchula za kunenepa. Iwo ankati akusala kudya pa zifukwa za chipembedzo. Ndiye kuti vutoli limatha kuvala chovala chimene anthu a m'deralo amachilemekeza, ndipo makolo amaombera m'manja mwana akutha.

Chipatala nacho chili ndi pogwira. Alangizi a zaumoyo adaphunzitsidwa bwino kuyeza mkono wa mwana ndi kupereka chiponde, kuyeza malungo, TB ndi HIV. Zonsezi zikapezeka kuti palibe, funso lotsatira liyenera kukhala la maganizo. Thandizo la akatswiri lili kutali, ku Queen Elizabeth mu Blantyre kapena kuchipatala cha Zomba Mental, koma poyambira ndi kwa ogwira ntchito za matenda a m'maganizo pachipatala cha boma.

Pakhomo zizindikiro zimaoneka msanga: mwana amene amati wadya kale nthawi zonse, amene amathamangira kuchimbudzi akangodya, amene amakwiya akaletsedwa kuthamanga ngakhale wavulala mwendo. Anyamata nawo sapulumuka, makamaka amene akunyamula zitsulo kufuna minofu. Kumukalipira kapena kumukakamiza kudya pamaso pa alendo kumangoonjezera nkhawa imene idayambitsa zonse. Azakhali kapena amalume amene mwanayo amamasuka nawo ndiwo angayambe kumufunsa chimene chikumusowetsa tulo, kenaka n'kumuperekeza kuchipatala sikelo isadatsike kwambiri.