Musanagulitse mtedza, kaoneni kaye kolejiyo

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, pa msika wa Kamwendo ndi pa Boma pa Mchinji pano pamamveka nkhani imodzi yokha: mapointi. "Wanga wakhoza ndi 14." "Wanga ndi wa ku Chanco basi." Amayi a kaunjika, abambo ooda soya, anyamata osintha ndalama ku chipata cha Mwami, onse amasanduka akatswiri a maphunziro. Koma sindinamvepo ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti, kodi mwana wangayu, ndi mtima wakewu, akakhalako bwanji kumeneko?

Ine funso limeneli ndinalidziwa mochedwa, ndalama zitapita kale. Mwana wa mlongo wanga anali mnyamata wofatsa, wa mutu wakuthwa, amene zaka zinayi zonse za sekondale anakhala pa sukulu yogonera komweko, kumene belu ndiye amakudzutsa, kukudyetsa ndi kukugoneka. Atapeza malo pa koleji ina ya m'tauni tinavina, mtedza wonse wa chaka chimenecho tinagulitsa. Kufika uko malo ogona pa sukulu panalibe. Anakachita lendi kachipinda ndi anyamata atatu, kuseri kwa bala. Wodzutsa mnzake palibe, wofunsa ngati wadya palibe, m'kalasi anthu mazana, iye wamanyazi kukweza mkono. Mowa sankamwa, musamunamizire. Chaka chachiwiri chisanathe anatulukira ndi chikwama chake, nkuti, "Atsibweni, maphunziro sanandikanike ayi. Malo aja ndi amene andikana."

Akuluakulu, makoleji amasiyana monga misika isiyanirana. Ku Zomba, kumene tonse timangoti ku Chanco, ndi bwalo la mtsutso. Ophunzira a kumeneko ndiwo anayenda pamsewu mu March 1992 kugwirizana ndi kalata ya mabishopu a Katolika, nthawi imene ambirife tinali kunong'ona m'nyumba. Mu 2011, apolisi atafunsa mafunso Dr Blessings Chinsinga pa zimene anaphunzitsa m'kalasi, maphunziro anaima miyezi pafupifupi 8. Mwana wokonda kuyankhula, wosaopa chigulu, kumeneko amakula msanga. Koma ambiri amagona ku Chikanda, kudziphikira okha, ndipo wina amene anazolowera kuyang'aniridwa akhoza kusowa osadziwika kuti wasowa.

Ku Bunda, komwe kuyambira 2012 ndi pansi pa LUANAR, ndi kufupi ndi Mitundu, pakati pa minda ndi makola. Mwana wa mlimi wa ku Mkanda akafika amaona ngati kwawo, pamene wina wobadwira m'sitolo amatopa nako sabata yoyamba. MUBAS ili pa msewu wa Chipembere pakatikati pa Blantyre, phokoso la minibasi mpaka m'kalasi. MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, ili kutali ndi tauni. Ku Mzuni kuli mvula, kuzizira ndi Chitumbuka. Nanga za mipingo? Ku yunivesite ya Adventist ku Ntcheu, Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likalowa. Kwa wina umenewo ndi mtendere, kwa wina ndi ndende. Sindikuti iyi ndi yabwino, iyo ndi yoipa ayi. Ndikuti mwana wanu ndi mmodzi, ndipo sangakwane paliponse.

Chitsanzo tili nacho pakhomo pompano. Seminale ya Kachebere, m'malire ndi Zambia, inatsegulidwa mu 1939, ndipo ansembe ambiri a dziko lino anadzera pamenepo. Mpingo sungoona malikisi a mnyamata basi, umatenga zaka kumuyang'ana ngati moyo umenewo ukumuyenera. Ife timaponya mwana zaka zinayi pamalo poti tangomva dzina pa wailesi.

Ndikudziwa chimene ena mukunena muli pa benchi yanu ya geniyo: wosauka sasankha, amasankha ndi a NCHE. Nzoona, malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo amene wapeza sayenera kuchita matama. Komatu pa fomu paja wophunzira amalemba yekha maphunziro amene akufuna ndi kumene ali. Nthawi zambiri amamulembera ndi bambo kapena amalume, potsata dzina lotchuka loti akanyadire ku maliro. Tsono makoleji olipira aja, amene timapereka ndalama za m'thumba mwathu, akutikakamiza ndani? Ngakhale belo la kaunjika, limene timagula lomata, timayamba tafunsa anzathu amene anaodako pamalopo. Chikomekome cha nkuyu, tonse tikudziwa zimene zili m'kati.

Pitani naye mwanayo, nthawi ya sukulu, osati tsiku la madigiri pamene udzu watchetchedwa ndipo aliyense wavala suti. Kaoneni kumene ana amagona ndi kumene amadya. Musafunse a mu ofesi okha, pezani wa chaka chachiwiri, mumugulire fanta, akuuzeni kuti Lachisanu usiku kumakhala bwanji, laibulale imatseka nthawi yanji, sukulu inatsekedwapo kangati. Ngati wanu ndi mtsikana, funsani atsikana anzake za njira yobwerera ku chipinda kukada.

Koma apa ndichenjeze abambo ena, musatenge mawu angawa ngati chingwe chomangira mwana wamkazi pakhomo. Pali ana ofatsa amene amatseguka mutu ndi pakamwa akafika pa chigulu, ndipo n'chifukwa chake wofunika kuona malowo ndi mwini wakeyo, inu mungoperekeza. Nanunso ophunzira musadzinamize. Ngati mumawerenga pokhapokha wina atakuimirirani, nenani. Ngati malamulo ambirimbiri amakutsamwitsani, nenaninso fizi isanaperekedwe.

Mnyamata uja pano akuphunzira zauphunzitsi pa kakoleji kakang'ono kogonera komweko, ndipo wanenepa. Mlongo wake, wolongolola ngati wailesi, akulemba mayeso chaka chino. Ndalama ya basi ya anthu awiri yopita ku Zomba ndi kubwerako ndaika kale pambali, ndipo mtedza sindinagulitse.