KODI WOGONJA PA NKHONYA ANGADZAKHALE NGWAZI?

M'chipinda chathu chogona muli mnyamata amene anagonja pa nkhonya mwezi wathawu. Chigonjereni anyamata ali kumseka, nanena kuti zake zatha, ndipo iye waleka kufika kubwalo. Ine nditsutsana nawo osekawo, ndipo ndifuna kuwakumbutsa mbiri ya Joe Louis wa ku America.

M'chaka cha 1936 Louis anali asanagonjepo chiyambire kumenya nkhonya za ndalama. Tsono anakomana ndi Max Schmeling wa ku Germany mumzinda wa New York. Schmeling anali atapenyetsetsa kamenyedwe ka Louis, naona kuti akaponya dzanja lamanzere amalitsitsa, nasiya chibwano pamtunda. Pomwepo ndi pamene anamlasa ndi dzanja lamanja kufikira anamgwetseratu m'chigawo cha 12.

Kodi Louis anathawa? Iyayi. Anabwerera kwa mphunzitsi wake, Jack Blackburn, nakonza cholakwacho. M'chaka cha 1937 anagonjetsa James Braddock nakhala ngwazi ya dziko lonse, ndipo mu 1938 anammaliza Schmeling yemwe uja m'chigawo choyamba. Ungwaziwo anausunga kufikira 1949, nauteteza nthawi 25. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Schmeling anamtsina khutu ndithu, ngakhale kunali kutsina kowawa.

Si Louis yekha. Floyd Patterson analandidwa ungwazi ndi Ingemar Johansson wa ku Sweden mu 1959, naulandanso mu 1960. Dick Tiger wa ku Nigeria atafika ku England anagonja kanayi motsatana, koma mu 1962 anagonjetsa Gene Fullmer natenga ungwazi wa dziko lonse.

Wina adzati, "Nanga si ambiri amene amagwa osaukanso?" Zoona, sindikana. Schmeling mwini, amene anali ngwazi kuyambira 1930 kufikira 1932, sanautengenso ungwaziwo. Munthu akamenyedwa kwambiri m'mutu, kapena zaka zikampitirira, achita bwino kumvera dokotala ndi kupuma. Koma mnyamata wamphamvu zake amene wagonja kamodzi ali wosiyana ndi ameneyo. Chimene chimamtha wotere ndi manyazi, pamodzi ndi kukana kufunsa kuti, "Ndinalakwa pati?"

Chifukwa chake ndinena kwa iwe mnzanga: bwerera kubwalo Lolemba, ukafunse aphunzitsi a masewera akuonetse pamene unatsitsa dzanja. Usafulumire kufuna kubwezera. Yamba wamenyana ndi anzako olingana nawe, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo inu oseka, kumbukirani kuti mayeso ali pafupi. Ena a ife tidzagwa ndi masamu monga Louis anagwa ndi dzanja lamanja la Schmeling. Tsiku limenelo mudzakondwa kodi tikadzati zanu zatha?

Wophunzira wa Fomu 3